Talika Kaye, Kenako Pinda

Ku Halale sindinali kalaliki. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikawasiyira kumapeto ndiwameza, monga ndakhala ndikuwamezera zaka zonsezi. Taipi ndinaigwira ndithu miyezi yoyambirira, ndipo setifiketi yanga ya ku koleji si yabodza, ili pakhoma mpaka lero. Koma malata amene ali pa nyumba ya amayi anga ku Nkope, amene iwo amalozera mlendo aliyense, sanagulidwe ndi zala zanga. Anagulidwa ndi msana. Ndinkadzipinda pamaso pa anthu olipira pakhomo, mutu kutulukira pakati pa mapazi, nditavala chovala chothina chimene kuno kwathu mungamangidwe nacho musanafike n'komwe pamsika.

Dzina langa sindilemba. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina pano pa Mangochi, ndipo mukudziwa nokha kuti masiku ano nkhani imakafika kwa anyamata a chipani iwe usanatseke pakamwa. Ndikulemba chifukwa cha mwana wanga Edina, wa zaka zisanu, ndi zimene ndayamba kuchita naye kuseri kwa nyumba. Koma kuti mundimvetse, ndiyambire kutali.

Thupi lofewali ndinabadwa nalo. Tili ana pamchenga ku Nkope, anzanga akamasewera fulaye ine ndinkagona chafufumimba n'kubweretsa mapazi kudzagunda makutu. Ankandipatsa bwemba kuti ndichitenso. Tsiku lina amayi anandipeza. Iwo ndi munthu wa tchalitchi, wa benchi lakutsogolo, sakalipa pagulu. Ananditengera kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, nandikoka khutu.

"Mwana wamkazi miyendo imakhala pamodzi. Ndikadzakuonanso udzadziwa kuti ndinakubala ndine."

Ndinasiya. Ndinakula, ndinapita ku koleji ku Blantyre, ndinabwerako ndi pepala, ntchito osaoneka. Ndinakhala pakhomo kutembenuza usipa ndi zala zimene zinaphunzira taipi. Ndiye anabwera patchuthi amalume a Yohane, alongo awo a amayi, amene ankaphika ku Halale. Anati kumene amagwirako akufuna mtsikana wodziwa kulemba makalata. Amayi anandisokera madiresi awiri aatali, abambo anandipatsa kathumba ka utaka wouma, ndipo ndinakwera basi ndikulira mpaka pa Liwonde.

Amalume sanandiuze kuti malo antchitowo ali ndi matayala. Inali sekasi, gulu la anthu ochita zodabwitsa loyenda tawuni ndi tawuni ndi malole akale, mahatchi, ndi tenti yaikulu kuposa tchalitchi chathu. Munali oyenda pachingwe, oponya mipeni, ndi bambo wina wamfupi amene ntchito yake inali kugwa kuti ana aseke. Amalume ankaphikira onsewo. Ine m'mawa ndinkataipa makalata opempha malo oimikapo tenti, masana n'kukhala m'kabokosi kogulitsiramo matikiti. Tinkagona m'lole, akazi kwathu amuna kwawo, pa matumba a utuchi. Kuzizira kwa ku Gweru mwezi wa Juni, ine mwana wa kunyanja, sindidzakuiwala. Madzi osamba ankachita kuluma. Anthu a m'matawuni akamva kalankhulidwe kanga ankanditchula mayina amene amatchula Amalawi kumeneko, ndipo ndinaphunzira kupereka tikiti osadzutsa mutu.

Kabokosi kaja kanali kothina, munthu sukanatha kutembenukamo. Tsiku lina mpukutu wa matikiti unagwera kumbuyo kwa mpando. Mzere unali wautali. Osaganiza n'komwe, ndinapindikira chagada, ndinautola pansi, ndinadzuka n'kupitiriza kugulitsa. Mzere utatha ndinamva mawu pakhomo.

"Chitanso."

Anali Adona Zita, mayi wachikulire wachipwitikizi amene ankaphunzitsa atsikana a m'gululo. Anakulira ku Tete m'manja mwa mlezi wachikuda, choncho ankalankhula Chinyungwe chosakaniza, ndipo tinkamvana bwinobwino. Pa utsikana wawo anali wovina baleti, gule wa azungu uja wovinira pa nsonga za zala, mpaka bondo linawakana. Ankayenda ndi ndodo, koma khosi lili chilili ngati la kakowa.

"Pepani, Adona," ndinatero.

"Sindinati pepa. Ndati chitanso."

Ndinachitanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nandigwira nthiti ngati akusankha nkhuku pamsika.

"Wowonda ngati usipa. Mawa m'mawa ubwere kulole yofiira, Usipa."

Dzina limenelo linandikakamira mpaka tsiku lochoka. Nditawauza amalume, anapitiriza kusenda mbatata. Kenako anati, "Malipiro a m'tenti si ofanana ndi a m'kabokosi. Koma zakuno zimathera pa Mwanza, wamva? Mlongo wanga asadzamve kwa ine, asadzamve kwa iwe."

Ine ndinkayesa kuti Adona akandiuza kuti ndidzipinde. Ayi. Anandiimika m'mbali mwa lole, dzanja limodzi litagwira chitsulo, zidendene pamodzi, zala za kumapazi kuloza kunja ngati bakha. Choyamba chinali puliye: kupinda mawondo msana uli chilili, ngati ukufuna kugwadira wamkulu koma wasintha maganizo panjira. Kenako tandu: kukhwekhwereza phazi pansi mpaka patsale chala chokha chokhudza dothi, monga timachitira poyesa ngati madzi akuzizira. Kenako releve: kukwera pa zala ngati ukusuzumira kuseri kwa mpanda. Zomwezo, m'mawa uliwonse, miyezi ndi miyezi. Ndodo yawo sinkamenya, inkangogunda pamene palakwika. Bondo. Chiuno. Phewa.

"Adona, nanga kupinda kuja?"

"Kupinda unabadwa nako, sindingakuphunzitse. Ndikukuphunzitsa kudzuka."

Tsiku lina anandiona ndikuchokera kumpopi ndi ndowa ya madzi a mahatchi pamutu, osaigwira. Anaima, naika ndodo pansi.

"Khosi limenelo ine ndinaliphunzira ndi misozi, kwa mphunzitsi wokwera mtengo. Iwe amako anangokupatsa ndi ndowa."

Kuyambira pamenepo puliye wanga ndinkachita ndi ndowa yodzaza pamutu. Ukapendeka pang'ono, madzi a Juni amakutsikira kumsana, ndipo sufunanso wina wokuuza kuti walakwitsa.

M'gululo munali kale mtsikana wodzipinda, Esinati. Makolo ake anali a ku Mulanje koma iye anabadwira pamgodi konko, Malawi ankangomumva. Anayamba kudzipinda ali mwana m'malo omwera mowa, anthu n'kumamuponyera makobidi. Esinati ankalowa m'bokosi loti inu simungasungemo ndi nsapato zomwe. Ndinkaopa kuti adana nane. Koma usiku woyamba womwewo anasendera nandifunditsa theka la bulangete lake, ndipo tinafunda limodzi zaka zonse.

Chitsulo cha lole ndiye sankachifuna. Ankabwera mochedwa, akutafuna chimanga chokazinga, n'kukhala pa tayala kumationera.

"Achemwali, inu munabwera kudzapinda kapena kudzakwatiwa ndi lole? Tsiku lonse mwaigwira dzanja, yanena kuti ibwera liti kwa ankhoswe?"

"Idikira iwe uyambe wakwatiwa ndi bokosi lako."

"Bokosi langa limandidyetsa. Lole yanuyo yakupatsani chiyani, kupatula chimfine?"

Adona ankamukalipira, iye n'kuwapsompsona patsaya, nkhani n'kutha. Koma tsiku lina Esinati atachoka anandiuza motsitsa mawu.

"Uzimuyang'ana mnzakoyo akamapinda. Amapindira pamalo amodzi, apa pamwamba pa chiuno. Waya ukamaupinda pomwepomwepo tsiku ndi tsiku umatani?"

"Umaduka."

"Nsungwi ya lichero imapinda yonse, pang'ono apa, pang'ono apa. Ine ndikufuna nsungwi."

Ndipo anandiphunzitsa chomaliza, kambule. Umakwera kaye m'mwamba ngati wina akukukoka ndi tsitsi, nthiti kutalikana ndi chiuno, mimba italimba, miyendo itagwira pansi. Ukatero m'pamene umayamba kugwera kumbuyo, kuyambira pachifuwa, mfundo imodzi ya msana, kenako inzake. "Talika kaye, kenako pinda." Mawu amenewa ndinawamva kochuluka moti ndinkawalota. Pamene anandilola kufika pansi ndi manja, ndinadabwa. Ndinkatha kutsika pang'onopang'ono ngati utsi, kuima pakati, n'kudzukanso popanda kudzikankha. Ndili mwana ndinkangodzigwetsa.

Esinati anandiphunzitsa zimene Adona sankadziwa. Kudzola mafuta m'miyendo kuti utuchi usakuyabwe. Kusadya nyemba tsiku lachionetsero. Kumwetulira uli chozondoka.

"Nkhope ikazondoka, kumwetulira pang'ono kumaoneka ngati ukulira. Onetsani mano onse, achemwali, ndi a m'mbali omwe. Mwawasungira ndani?"

Tinayamba kutuluka awiri. Iye m'bokosi, ine pa tebulo, chovala chobiriwira chonyezimira ngati mamba a chambo. Tsiku loyamba ndinapempha Mulungu kuti m'tentimo musakhale munthu wa ku Nkope. Koma ndinene zoona: nyimbo itayamba, nditatalika n'kuyamba kutsika, tenti yonse ili zii, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo pa taipi. Thupi limene anandikokera khutu linali kugwira ntchito yake. Kumudzi kunayamba kupita ndalama za ukonde, za fizi ya mng'ono wanga, kenako za malata. Amayi ankayankha kuti akuthokoza Mulungu chifukwa cha sukulu.

Za Esinati zinayamba ndi dzanzi. Ankadzuka m'mawa akumenya ntchafu yake ndi chibakera, n'kumaseka kuti mwendo wagona mochedwa. Kenako anayamba kukoka phazi. Ku Kadoma, chionetsero chili mkati, analowa m'bokosi koma kutuluka kunakanika. Anamunyamula ndi bokosi lomwelo, anthu akuomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya sewero. Kuchipatala anati mfundo za msana wake zaperepeseka pamalo amodzi. Anayendanso, koma ndi ndodo, ndipo kuwerama kuti amange nsapato sankatha. Anali wamng'ono kwa ine.

Anamuika m'kabokosi ka matikiti kaja, pampando wanga. Ine ndinatsala ndekha pa tebulo. Masiku oyamba ndinkalephera kumuyang'ana kumaso, mpaka iye anandikoka diresi.

"Mwayamba kunyada chifukwa mwakwatiwa ndi lole? Bwerani kuno ndikusokereni chovalacho, chang'ambika kukhwapa, mukufuna anthu a ku Mutare aone zaulere?"

Adona sananenepo kuti ndinanena ine. Ankamutikita msana madzulo aliwonse, akumutukwana m'Chipwitikizi, misozi ikutsika.

Sekasi inatha monga zimathera zinthu zotero. Anthu anachepa, mahatchi anagulitsidwa, kenako malole. Adona anapita kwa mwana wawo kutsidya kwa nyanja yamchere. Potsanzikana anandigunda ndi ndodo pakati pa mapewa, nati, "Usadzapinde thupi lili lozizira, ngakhale akulonjeze dziko." Esinati anabwerera kumgodi kwa amayi ake. Chovala chobiriwira ndinamusiyira iye, ndipo anati adzachipachika pakhoma kuti chiziopseza mbava. Amalume anapeza ntchito pa hotela ina, ali konko mpaka pano. Ine ndisanafike pa Mwanza ndinavula thalauza m'chimbudzi, ndinalisiya pomwepo, ndinavala diresi la amayi lija ndi chitenje pamwamba. Ndinalowa m'dziko langa ndili kalaliki.

Kumudzi ndinapeza abambo atamwalira kale chaka chathacho, mng'ono wanga ali ndi mimba, amayi atachepa thupi koma mawu ali omwe aja. Anthu ankabwera kudzaona zala zimene zinagula malata. Ndinapeza ntchito pa boma, ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa wa ku Nkhudzi, tinabereka Edina. Bambo a Edina ankadziwa kuti mkazi wawo amaima mowongoka kuposa akazi ena, basi. Nthawi zina ndikamatsuka mbale ndinkapezeka ndakwera pa zala, n'kutsika msanga wina asanaone.

Edina ndinamupeza chaka chatha pakhonde, atagona chafufumimba, mapazi ali pamakutu, akuimba. Sindinaone mwana wanga, ndinaona Esinati, chifukwa ankapindira pomwe paja, pamwamba pa chiuno. Ndinamukalipira. Mawa lake ndinamupeza kuseri kwa bafa akuchita zomwezo. Ndinamukoka khutu, ine, ndi dzanja langali, kenako ndinakalira m'chipinda. Ndinkadziwa kuti sasiya, angophunzira kubisala. Ndinkadziwanso chimene chingamupulumutse. Koma kalaliki angazidziwire kuti zoterozo?

Patchuthi tinamusiya kwa agogo ake ku Nkope. Lamlungu lina titapita kukamutenga, tinapeza nkhani itafika kale kudooko kumene amayi amachapira. Mwana anali ataonetsa luso lake pamchenga. Titachoka ku tchalitchi amayi anayala mkeka pabwalo, mkati mwa mpanda. Bambo a Edina, monga mkamwini waulemu, anakakhala patali pa bwato lakale lovundikira, atatipatsa msana, chifukwa iwo ndi apongozi awo sayang'anana kumaso. Mawu onse ankadzera mwa ine.

"Anthu akulankhula," amayi anatero. "Akuti mwanayu alibe mafupa. Akuti taipi yokha singagule malata, iwe unakakhwima ku Halale, ndipo malipiro ake ndi mafupa a mwana wako woyamba."

"Amayi, inu mukukhulupirira zimenezo?"

"Ine ndikukhulupirira Mulungu. Koma mwanayu ndamuona ndi maso anga. Uwauze bambo ake kuti mawa ndipita naye kuseri kwa phiri. Kuli munthu amene amatema mphini kumsana, mafupa amalimba."

Ndinatembenuka. "Akuti mawa apita naye kukatema mphini."

Bambo a Edina anakhosomola, akuyang'anabe kumpanda. "Muwauze amayi kuti mwina tikanayamba tapita kuchipatala."

"Uwauze kuti chipatala sichitseka pakamwa pa anthu a kudooko."

Edina anali atakhala pamiyendo panga akusewera ndi mabatani a bulauzi yanga. Ndinaganiza za lumo pa kamsana kameneko. Ndinaganizanso kuti mphini zikapola iye adzapindabe, pamalo omwe aja, ali yekha kuseri kwa bafa. Ndinamutsitsa. Ndinavula nsapato, ndinakulunga chitenje pakati pa miyendo n'kuchimanga m'chiuno ngati mlovi wokoka khoka, ndinapita pa thandala lomwe lija anandikokerapo khutu, ndinagwira mtengo wake.

Ndikanangodzipinda pomwepo nkhani ikanafupika. Koma ndodo ya Adona ndinkaimva pakati pa mapewa, ndipo thupi linali lozizira. Choncho amayi anga anakhala pamkeka kuonerera mwana wawo wa setifiketi, mayi wa mwana, ataima ngati bakha, akutsika, akukwera, akukhwekhwereza phazi m'fumbi, akusuzumira mpanda umene kulibe.

"Iwe, wadwala?"

"Dikirani, amayi."

"Bambo ake akudziwa kuti umachita chonchi?"

"Dikirani pang'ono."

Thukuta litayamba, ndinasiya thandala. Ndinatalika. Ndinayamba kutsika, pachifuwa, mfundo imodzi, inzake. Msana unadandaula, zaka zinali zitapita, koma njira unkaikumbukira. Manja anafika pansi. Ndinayendetsa manjawo mpaka ndinagwira akakolo, mutu unatulukira pakati pa mapazi, ndipo ndinawaona amayi ali chozondoka, dzanja lili pakamwa. Posadziwa chochita ndinaonetsa mano onse, ndi a m'mbali omwe.

"Ababa, taonani amayi!" Edina anakuwa.

Bambo a Edina anatembenuka. Aka kanali koyamba chikwatirane chathu kuti iwo ndi apongozi awo apezeke akuyang'ana malo amodzi, kenako akuyang'anana. Onse awiri anathawitsa maso ngati apsa.

"Dzuka," amayi anatero, "magazi angakutsikire m'mutu."

Ndinadzuka mmene anandiphunzitsira, osadzikankha. Ndinakonza chitenje, ndinagwada pamkeka, ndinanena zonse: kabokosi, lole, ndowa, Adona, Esinati ndi bokosi lake. Ndinanena mokweza kuti mawu afike pabwato popanda wowanyamula. Nditamaliza amayi anayang'ana denga la nyumba yawo nthawi yaitali.

"Ndiye malatawa ndi mafupa ako."

"Inde, amayi."

"Ine n'kumauza anthu kuti ndi taipi."

"Pepani."

"Ndinakukoka khutu."

"Munandikoka."

"Silinamve." Anasisita mkeka ndi chikhatho. "Mnzakoyo, wa m'bokosiyo, ali ndi womutungira madzi?"

Pamenepo ndiye ndinalira. Anandisiya ndilire, kenako anakoka Edina namukhazika pamiyendo pawo, namugwiragwira msana ndi zala.

"Ku mphini sapita. Kudooko ndikawauza kuti watengera amake, amene ndinawabereka ndekha ali ndi mafupa onse. Wofuna zambiri akafunse nsomba. Koma Yohane akadzabwera andipeza."

Pobwerera tinakwera matola. Bambo a Edina ankangoyang'ana msewu njira yonse, mwana ali mtulo pachifuwa pawo. Ine ndinkangowerenga nkhope yawo, ndikuganiza kumene ndikapite ndi katundu wanga. Titatsika pa boma, tikuyenda, anafunsa osandiyang'ana.

"Zimapweteka?"

"Lero zapweteka."

Tinayendanso pang'ono.

"Anthu ankaomba m'manja?"

"Ankaomba."

"Ine sindikanatha kuomba. Apongozi anali pomwepo."

Loweruka lotsatira ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukhoma nsungwi pamitengo iwiri, akuyeza msinkhu wake ndi phewa la Edina. Anakwezanso mpanda ndi udzu wina. Za Halale sanafunsenso, kupatula tsiku lina pamene anafuna kudziwa ngati mahatchi ankadya chimanga.

Tsopano m'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi timaima pa nsungwiyo awiri. Zidendene pamodzi. Puliye, tandu, releve. Edina amatopa nazo monga ankatopera Esinati, amafunsa kuti tipinda liti, ine n'kumuyankha mawu omwe Adona anandiyankha. Ndowa ndi yaikulu kwa iye, ndimamuika kachitini ka madzi pamutu, ndipo akatayikira amaseka mpaka kugwa. Agogo ake atabwera mwezi watha anakhala pampando kumationera, nkhope ili gwa. Kachitini katagwa kachiwiri anadzuka okha.

"Khosi limenelo si la mdzukulu wanga. Bweretsa kuno, ndikuonetse mmene timasenzera."

Dzulo kwa nthawi yoyamba ndinamulola kambule. Ndinaika dzanja langa pakati pa mapewa ake. Anatalika, kamwana kanga, nthiti zonse kuonekera, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono kuyambira pamwamba. Nsungwi yeniyeni. Atadzuka maso ake anali kuwala, ndipo kuwala kumeneko ndinakudziwa, chifukwa ndi kumene ndinali nako m'tenti muja.

N'chimene chikundisowetsa tulo. Ndamuuza kuti zimenezi n'za kuseri kwa mpanda, asakachite kusukulu, asakatchule mawu achilendowa pamsewu. Koma ali ndi zaka zisanu, ndipo inenso ndinauzidwapo. Tsiku lina wina adzasuzumira, adzaona mkazi wa aphunzitsi atamanga chitenje ngati mlovi akuphunzitsa mwana gule wachilendo, ndipo sindidziwa kuti nkhaniyo idzakathera mu ofesi ya ndani. Zimenezo mwina tingapirire. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti kuno kwathu kulibe tenti, kulibe tebulo loti iye adzaimepo. Chinthu chimene ndikumupatsachi malo ake ali kutali, kuseri kwa Mwanza, kumene madzi a Juni amaluma ndiponso anthu amakutchula mayina. Ndikanamusiya, akanadzithyola yekha ngati Esinati. Ndikumuphunzitsa, ndipo ndikuona ndi maso anga kuti ndikulimbitsa msana umene adzandichokere nawo.

Inu amene muli ndi ana, makamaka inu amene munatumizapo mwana kutali n'kumadikira basi: pamene ndinavula nsapato pabwalo paja, ndinachita bwino kodi? Kapena ndikanangomukokanso khutu, mwina lake likanamva?